Chilanga mulilo changa ndinachidya ndi maso

Wina akakuuzani kuti ukwati uli ndi mayesero, musatsutse. Anga anayamba kutatsala milungu iwiri kuti akuchikazi abweretse chilanga mulilo, mwambo wa Abemba umene azimayi amasenzera mkamwini zakudya zonse za kwawo.

Ndinali pa njinga ku Kabushi. Nditaona Chanda, chibwenzi changa chimene ndinkafuna kukwatiracho, ataima pa shopu ndi anzake, ndinasiya chiwongolero kuti ndimubayibitse ndi manja onse awiri (ndine munthu wandevu, musandifunse). Tayala linalowa m'dzenje, ine chibwano pa phula. Ndinadzuka msanga ndikuseka, kuti aziti ndachita dala.

Bala la pachibwano linali laling'ono. Pamene pankapweteka ndi kutsogolo kwa khutu lamanzere, choncho ndinathira mafuta ophikira m'khutumo masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinagula chimanga chootcha, koma mano anakana kukumana. Apa ndiye ndinapita kuchipatala, kukadandaula za khutu.

Adokotala anaika zala kutsogolo kwa makutu anga onse awiri.

"Yasamulani."

Ndinayasamula pang'ono, chibwano n'kukhotera kumanzere.

"Munagwa?"

"Pang'ono chabe."

Atandijambula, anandilozera pa chithunzi. "Chibwano chikamenya pansi, fupa limakonda kuthyokera kumtunda kuno, pafupi ndi pamene nsagwada imalumikizana ndi mutu. Khutu lanu lilibe mlandu, langokhuta mafuta."

Anandimanga mano am'mwamba ndi am'munsi ndi mawaya, milungu inayi. Chakudya changa: phala lamadzimadzi ndi msuzi, zoyamwa ndi kapaipi.

Ndinapita kwa amalume ku Kanini, kumene mwambowo unkayenera kuchitikira, ndikulankhula mano ali chilumire.

"Amalume, tisunthe tsiku."

"Mphwanga, anthu agula kale nkhuku. Ukufuna aziti mkamwini wathawa? Iwe ukhale pa mpando. Zotafuna usade nazo nkhawa, abale tilipo."

Loweruka lake akuchikazi anafikadi ndi ng'oma, mabeseni pamutu. Mayi wotsogolera ankavundukula mbale imodziimodzi n'kumatchula dzina: chikanda, ifisashi, finkubala, nkhuku yakumudzi. Ine malovu okha. Kenako ananyema kanyama n'kukafikitsa pakamwa panga, monga mwa mwambo. Ndinalibe pothawira. Ndinatukula milomo, mawaya onse poyera.

Ng'oma zinaleka. Ndinaganiza kuti ndanyoza akuchikazi. Mayiwo anandiyang'anitsitsa, kenako anatembenukira anzawo n'kunena m'Chibemba kuti mwana wawo wapeza mwamuna weniweni, wosayankha. Nyumba yonse inafa ndi phwete, ng'oma n'kuyambiranso. Kanyamako amalume anakalandira m'dzina langa (pamodzi ndi ntchafu zonse ziwiri za nkhukuyo).

Mawaya atachotsedwa, ukwati utatha, ndinafunsa apongozi mwaulemu ngati mwambowo ungabwerezedwe. Anati chilanga mulilo chili ngati ubatizo, n'kamodzi basi.

Mpaka lero amalume akandiona amayamikira nkhuku ija, kuti ndinakwatira kwa anthu odziwa kuphika. Ine ndimangovomera. Chimene ndinatolapo n'chakuti tsiku limene sungathe kutafuna, usakhale pafupi ndi m'bale wa mano onse.