Buku la Ulimi Kuseri kwa Azamba

Anzanga, mukadzamva kuti munthu wophunzira anatchera msampha n'kukodwamo yekha miyendo yonse iwiri, musavutike n'kufunsa dzina, ndi ine. Ndikuchita masitazi a zaulimi ku Wolverhampton, ndimagona ku Whitmore Reans, ndipo miyezi yapitayi ndinali pamoto ndi pepala lomaliza. Supavaiza wanga, mayi wosaseka ndi munthu, ananena mosapsatira kuti chaputala changa cha ulimi wothirira sachigwira n'komwe ngati sindinawerenge buku lina lake lakalekale, ndipo chikapanda kufika patebulo pake Lachisanu, zovala gauni chaka chino ndiiwale. Chonsecho ku Kasungu amayi anali atasoketsa kale zovala za tsikulo, atalengeza mpaka kumvano. Ndiye mukuona pomwe panali mtima wanga.

Bukulo mulaibulale yathu munalibe. Mwayi wake, inali nthawi yomwe kunabwera uthenga wakuti malaibulale a mayunivesite a chigawo chino agwirana manja: ndi khadi yako yomweyo ukhoza kulowa kwa anzako, kukhala pansi, kuwerenga, ngakhale kubwereka. Uthengawo unali wautali, koma ine kuwerenga mizere yapamwamba yokha, basi jekete paphewa. Ndinakwera tiramu, kasitima kam'tauni, kudutsa West Bromwich ndikung'ung'udza kanyimbo, mpaka ku Birmingham, kuyunivesite ina yomwe kompyuta inati bukulo lilipo.

Kugunditsa khadi pageti, geti lija kutseguka lokha ngati ndine mwini nyumba. Ndinakwera m'mwamba, kuyang'ana manambala, ndipo ilo! Lachikuto chofiira, limodzi lokha, likundidikira. Ndinalipsompsona, sindinama. Koma kufika nalo pakauntala, anandiuza mwaulemu kuti kulowa ndi kuwerenga ndi ufulu wanga, koma kubwereka ndidikire kaye tsiku limodzi kapena awiri kuti dzina langa lilowe mukompyuta yawo.

Tsopano amene munaphunzira kukoleji kumudzi mukudziwa mwambo wake, musanamizire kuyera. Buku limodzi, kalasi yonse ikulifuna. Ukalipeza koma sungatuluke nalo, umalibwezera pamalo pake? Ndiwe wodwala? Umalisamutsa! La masamu umakaligoneka pakati pa mabuku a zaumulungu, la malamulo kuseri kwa a zophikaphika, mawa n'kudzalipeza lili phee. Si kuba kumene kuja, ife tinkati kusunga. Ndiye magazi akale anawira. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuyenda nalo mpaka kumashelefu a zauzamba, poganiza kuti munthu wa ulimi angakafune chiyani kumeneko. Ndinalilowetsa kuseri kwa mabuku akuluakulu, n'kutuluka ndikudziyamikira nzeru.

Pobwerera mutiramu, posowa chochita, ndinatsegulanso uthenga uja n'kuwerenga mpaka pansi. Ine! Kani sipafunikanso kuyenda. Umangoitanitsa pafoni, iwo amalichotsa pashelefu, kuliika muvani, n'kukusiyira kulaibulale yako. Ndinadziseka pang'ono, kenako osaganiza kawiri, chala pa batani, dii, ndaitanitsa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine tsiku limenelo ndinkadziona katswiri wotchinga mbali zonse.

M'mawa mwake yankho linabwera: pepani, bukuli silikupezeka pashelefu pake, tikulifufuza. Mukudziwa kuti ndinakwiya? Ndinakwiya zenizeni! Ndinayamba kulalata ndekha m'khitchini kuti laibulale yonse ija, magalasi okhaokha, kulephera kusunga buku limodzi, anthu osasamala. Ndili pakati pothira shuga mutiyi m'pamene zinandifika m'mutu. Supuni inagwa. Angalipeze bwanji buku la ulimi lomwe lili kwa azamba?

Ndinati basi, zoitanitsazo zafera pomwepo, ndikalitenge ndekha, dzina liyenera kuti lalowa tsopano. Tiramu kachiwiri, koma ulendo uno kunalibe kanyimbo. Kufika kumashelefu aja, mayo ine, onse ofanana! Dzulo ndinkaona ngati ndi kashelefu kamodzi, lero ndi mizere yosatha, zauzamba zokhazokha. Ndinayamba kusolola limodzilimodzi n'kumasuzumira kuseri. Poopa kusokoneza malo ake ndinkawanyamulira pachifuwa, mpaka ndinali nditagwada pansi, thukuta kamukamu, m'manja muli mulu wa mabuku, chikuto chilichonse chili ndi mayi woyembekezera.

"Achimwene a kwaya, ndinu?"

Kutembenuka, Mayi Nachisale, a kumpingo kwathu, nesi amene akuwonjezera maphunziro auzamba payunivesite imeneyo. Mayi amene aja nkhani ikawalowa m'khutu m'mawa, masana yafika ku Lilongwe. Anayang'ana ine, kuyang'ana mabuku, kuyang'ananso ine, munthu wosakwatira woimba kutsogolo Lamulungu lililonse.

"Mwana wa eni ake ndi ndani?" anafunsa motsitsa mawu. "Akulu a mpingo akudziwa?"

Inu mukanatani? Kunena zoona kunali kuulula kuti ndimabisa mabuku mulaibulale ya eni, pomwe woyang'anira akukankha kangolo kake mzere wachiwiri. Ndiye ndinangoti, "Ayi mayi, ndikungowerenga."

"Kuwerengako mwayamba mochedwa, achimwene," anatero akupukusa mutu. Anasolola kabuku kena kakang'ono n'kukasanjika pamwamba pa mulu wanga. "Yambirani aka, n'kosavuta." Ndipo ine, chitsiru, ndinathokoza.

Atangochoka ndinaona kofiira kakusuzumira pashelefu yapansi. Ndinabwezera azamba onse m'malo mwawo, n'kuthamangira kukauntala, buku ndalikumbatira. Mayi wa pakauntala, mzungu wachikulire wa magalasi, atangoligunditsa pamakina anafuula, "Ili! Talifunafuna ili! Mwalipeza kuti?"

"Kwa azamba."

"Linafikako bwanji kumeneko?"

"Anthu ena alibe khalidwe, mayi," ndinatero, nkhope ili gwaa.

Anandithokoza kwambiri, mpaka kunditcha munthu wabwino. Ndinapereka khadi, dzina lalowa, zonse zili bwino. Kenako nkhope yake inasintha. Anati pepani bambo, simungalitenge, laibulale ina ya mumgwirizano wathu inaliitanitsa kale m'malo mwa wophunzira wawo, ndiye likwera vani ya masana ano.

Apa ndiye ndinaphulika. Lachisanu lili pakhomo, gauni ikundithawa ndikuiona. Ndinati mayi, chilungamo chili pati? Ine ndakwera tiramu kawiri, ndagwada pansi, mbiri yanga yaipa, ndiye buku lipite kwa mlesi amene wangokhala pasofa n'kudina foni? Ndinati munthu wotero ngakhale digiri sayenera kupatsidwa. Ndinapempha dzina lake kuti ndilankhule naye ndekha mwachimuna, mayiyo anati mayina a anthu saulula.

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba. Ndinaitulutsa ndidakali ndi mkwiyo. Uthenga wochokera kulaibulale yathu: nkhani yabwino, buku lomwe munaitanitsa lapezeka, lifika Lolemba.

Anzanga, ndinabweza foni m'thumba pang'onopang'ono. Mayi uja anaona m'mene ndazizirira, anayang'ana khadi yanga, kuyang'ana kompyuta, n'kutsitsa magalasi pamphuno.

"Mukufunabe kulankhula naye mwachimuna?"

Ndinapempha chapansipansi kuti poti mlesiyo ndi ine ndemwe, angondipatsa. Anayesetsa kubisa chiseko koma mapewa ankamugwedezeka. Anati makina alilemba kale kuti lili paulendo, iye sangalibweze. Chomwe akanatha n'kundilola kukhala nalo patebulo lapafupi mpaka vani ifike. Ndinakhala pamenepo ngati mwana wopatsidwa chibalo, ndikuwerenga mothamanga, kulemba, kujambula masamba ofunika, khosi lili cheucheu kuyang'ana kukhomo. Dalaivala atafika anachita kulisolola m'manja mwanga ndili pakati pa chiganizo.

Buku linapita ku Wolverhampton pavani, mwini wake ndinapita ku Wolverhampton komweko patiramu, chimanjamanja. Chaputala ndinachisoka ndi zomwe ndinatolera patebulo paja, n'kuchipereka Lachisanu chikutenthabe, ndipo supavaiza anachilandira, gauni yapulumuka. Lolemba bukulo linafika ntchito yake itatha kale, ndinakalisainira ngati sitidziwana.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira: buku la eni ndikaliwerenga, ndimalibwezera pamalo pake penipeni, ndi manja awiri.