Kasambe M'manja, Ankatero a Chulu

Kuno ku Kakumbi mukatchula dzina la malemu a Langford Chulu kwa munthu aliyense amene anapondako kusukulu, choyamba chimene amachita ndi kupukuta manja pamalaya. Sachitira dala ayi, manjawo amangochita okha. A Chulu anali mphunzitsi wamkhalakale wosunga makiyi a sitoro ya mabuku papulayimale pathu, ndipo mabukuwo ankawakonda kwambiri moti sankalola kuti munthu awawerenge.

Mwana akatumidwa ndi aphunzitsi ake kukatenga buku, a Chulu ankayamba amununkhiza zala.

"Wadya chiyani m'mawa uno?"

"Masau, aphunzitsi."

"Ndamva. Kasambe m'manja."

Mwana ankathamangira kumjigo n'kubwerako manja akudontha. "Buku la boma ndi manja onyowa? Kaumitse." Akaumitsa, ankapezeka kuti ali ndi fumbi. Pofika ulendo wina belu linali litalira kale. Wina wochenjera anayesa kuyankha kuti sanadye kanthu chidzukire, a Chulu n'kugwedeza mutu mwachisoni. "Ndiye ndikupatse buku uli ndi njala? Ulitafuna iwe."

Kaphunzitsidwe kawonso kanali kawokawo. Ankalowa m'kalasi ndi buku limodzi lokha, lokulungidwa m'chitenje, n'kulikweza m'mwamba ali chiimire kutsogolo. "Mtima wa munthu ndi uwu. Akumbuyo mwauona?" Akumbuyo, amene ankakhala pansi cha kuchitseko, ankangoona kadontho kofiira. "Tauona, aphunzitsi." "Chabwino, titseke ungazilale." Alipo anthu akuluakulu kuno, ena akugwira ntchito m'maloji ndipo amayankhula ndi azungu tsiku lililonse, amene mpaka lero amakhulupirira kuti mtima wa munthu ndi waung'ono ngati nyemba.

Chaka china kunabwera woyendera masukulu, a Obrien, munthu wa tayi ndi nsapato zowala. Atamutsegulira sitoro anagwira pakamwa. Mabuku anali ndandanda mpaka kudenga, ena adakali m'mapulasitiki awo, ena a silabasi imene inasinthidwa kalekale koma ooneka ngati afika dzulo.

"Kwina konseku ndikupeza mabuku opanda zikuto. Inu mumatani, a Chulu?"

"Mwambo, bwana."

A Obrien anatambasula dzanja kuti atengeko limodzi. A Chulu anatsokomola.

"Pepani bwana, ndinakuonani mukudya chitumbuwa pamsewu paja."

Bwana uja, ndi tayi yake yomwe, anakaima pamzere kumjigo pamodzi ndi ana a Giredi Wani.

Akazi awo a Chulu, mayi Alice, ankadandaula poyera kuchigayo. "Chitenje changa cha Khirisimasi wavala ndi buku la Masamu. Mvula ikagwa bambo aja amathamangira kusitoro kukaona ngati sikukudontha, ine akundisiya ndikutchera mabeseni pabedi."

Zinthu zinayenda choncho mpaka kunabwera Madamu Namukolo, mphunzitsi wachitsikana wochokera kutali kumadzulo, ku Mongu. Anawapatsa Giredi Seveni, kalasi ya mayeso, ana odzaza mpaka pakhomo amene chibadwire anali asanatembenuzepo tsamba la buku ndi chala chawo. Madamuwo sanachedwe kumva za kuno: mwana sukulu ikamukanika, mnyamata amakalondera njovu kumunda, mtsikana amapita kubanja. Akayang'ana atsikana a mzere wakutsogolo, mtima unkawawawa. Mayeso anali kumapeto kwa chaka, ndipo mabuku anali pomwepo, kuseri kwa chitseko chimodzi.

"Mwaswera bwanji, ba Chulu?" Madamuwo aliyense ankamuti "ba" m'malo mwa "a", monga achitira anthu akutauni.

"Ndaswera bwino, Madamu, kaya inu ndi kutenthaku."

"Ndikufuna mabuku a Sayansi, a Masamu ndi a Chingerezi. Mwana aliyense agwire."

"Agwire?"

"Agwire, atsegule, apite nalo kunyumba."

A Chulu anakhala pansi pakhonde. "Kunyumba kumene kuli mbuzi? Kumene abambo awo amapichira fodya? Madamu, ine ndi maso angawa ndinaona mapu a dziko lonse la Zambia akufuka utsi pakamwa pa munthu."

"Nanga mabukuwa mukusungira ndani?"

"Ana am'tsogolo."

"Awa si ana?"

"Awa ndi a lero, Madamu. A lero ndi owononga."

Ahedi athu, a Mwaba, anali munthu wamtendere amene mkangano ukangoyamba ankakumbukira kuti ali ndi msonkhano kuboma. Choncho Madamu anakatula nkhaniyo pamsonkhano wa makolo. Makolo ambiri anali ana a sukulu a a Chulu omwewo, ndipo anayankhula akuyang'ana pansi, manja atabisa kumbuyo, komabe anagwirizana kuti Lolemba sitoro itsegulidwe.

Loweruka masana, anthu ali kumpira, a Chulu anatuta mabuku onse a Giredi Seveni pa wilibala n'kukawabisa m'kanyumba ka udzu kuseri kwa khitchini ya sukulu. Pofuna kuti fumbi lisawapeze, anawalonga bwinobwino m'masaka opanda kanthu amene anapeza momwemo. Anali masaka a ufa wa phala la ana.

Apa ndi pamene timadabwa mpaka lero. Akanachita mlendo ngati Madamu, tikanamva. Koma a Chulu anabadwira m'chigwa muno, mchombo wawo unagwera konkuno. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mwezi wa Sepitembala, tchire litauma, saka lonunkhira ufa suika m'nyumba ya udzu pokhapokha ngati ukuitana alendo.

Mlendo anabweradi Lamulungu m'mawa, tonse tili m'tchalitchi. Inali njovu yamphongo ya mnyanga umodzi imene tinkaidziwa bwino chifukwa cha mango athu. Inasasula denga, inatola saka loyamba, inalikutumula. Munalibe ufa. Inalawa buku la Masamu n'kulavula, monga achitira ana ambiri. Ndiye inapsa mtima. Saka lililonse inkaling'amba n'kuliponya m'mwamba, mabuku n'kumagwera pabwalo la mpira, m'munda wa ahedi, m'mitengo, ena padenga la chimbudzi. Itatopa inabwerera kudambo mosapupuluma.

Ana ndiwo anayamba kufika, njovu itangozimirira. Mmene a Chulu ankatulukira ndi jekete lawo la kutchalitchi, panali patatsala masaka ndi masamba owuluka ndi mphepo. Buku lililonse linali litapeza mwini wake ndipo linali kale m'njira yopita kumudzi. A Chulu analira, ndikunena kulira kwenikweni, mamina ndi misozi, ndipo ife amene tinabwera kudzaseka tinasowa poyambira.

Ofisala wa zanyama, a Sydney, anafika madzulo ake ndi mfuti paphewa.

"Yawononga mbewu yanji, aphunzitsi?"

"Sayansi, Masamu, ndi Chingerezi pang'ono."

"Pali wovulala?"

"Dikishonale yathyoka msana. Muiwombere njovu imeneyo."

"Aphunzitsi, njovu sitiwombera chifukwa chowerenga."

Lolemba ataweruka, a Chulu anatenga wilibala yomwe ija n'kuyamba khomo ndi khomo kukalanda katundu wa boma. Madamu Namukolo anawatsatira pambuyo, atamanga chitenje m'chiuno, atatsimikiza kuti lero kukhala nkhondo. Khomo loyamba linali la kwa a Queen, mmodzi wa atsikana a mzere wakutsogolo aja. Anamupeza pansi pa mtengo wa mango, buku la Sayansi lili pamwendo, chikuto chake chili ndi chidindo cha phazi la njovu. Ankawerengera amayi ake, amene ankasenda mtedza, za mmene udzudzu umafalitsira malungo. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu, n'kumamasulira m'Chikunda, chiyankhulo chathu cha kuno. Chalacho chinali chamtedza, ndipo chinkasiya mzere pamene chadutsa.

A Chulu anaima chilili. Madamu anakonzeka. Queen sanawaone, anapitiriza mpaka pansi pa tsamba, n'kutembenuza, n'kuima.

"Pathera pompa, amayi. Tsamba lotsatira inadya njovu."

"Aa, ndiye udzudzuwo ukaluma munthu, tizilomboto timalowera kuti?"

"Kuchiwindi," anatero a Chulu.

Anali atatsinzina. Anayamba kulakatula tsamba losowalo m'Chingerezi, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumpha ngakhale timawu ta pansi pa chithunzi, kenako n'kuwafotokozera mayiwo m'Chikunda chomveka bwino. Madamu Namukolo anangoti kukamwa yasa. Masana onse aja a Chulu ankadzitsekera m'sitoro, anthu tinkati amagonamo.

"Ba Chulu, buku lonseli lili m'mutu?"

"Onse, Madamu. Nanga akanawawerenga ndani?"

 A Chulu anayang'ana zala za Queen nthawi yaitali, anayang'ana wilibala yawo. "Ukatha kudya uzisamba m'manja, wamva?" Anatembenuza wilibala n'kuikankha yopanda kanthu mpaka kusukulu.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inasintha. Mabuku a njovu, monga tinayamba kuwatchulira, analibe limodzi lathunthu, ndipo nthawi zina njovuyo inkakhala itadya tsamba lomwelo m'mabuku onse, ngati inkasankha. Mwana akafika posowa ankanyamuka kupita pakhomo la sitoro. "Aphunzitsi, Sayansi, peji fote sikisi." A Chulu ankamununkhizabe zala, ngakhale panalibe choti agwire, kenako ankatsinzina n'kuyamba. Chaka chimenecho ana anakhoza mayeso kuposa mmene sukulu yathu inachitirapo, Queen anapita kusekondale, ndipo Madamu anavina pabwalo mpaka nsapato inaduka. A Chulu ulemu wonse anautenga okha. "Ndikanapanda kusunga bwino mabuku aja, njovu ikanagawa chiyani?"

Atapuma pantchito sanasiye kubwera. Ankakhala pampando wawo pakhomo la sitoro, akukalipira aliyense wopinda ngodya ya tsamba, mpaka dzinja lathali pamene anadwala masiku ochepa n'kutisiya. Pamaliro pawo abusa ananyambita chala kuti atembenuze tsamba la buku la nyimbo. Khamu lonse linatembenukira kubokosi nthawi imodzi. Mayi Alice anadikira pang'ono, kenako anati chapansipansi, "Ngati sanadzuke apa, ndiye kuti apitadi." Tinaseka tikulira. Achinyamata amati kumwambako mzere sukuyenda, chifukwa a Chulu anamubweza mngelo wa buku la moyo kuti akayambe wasamba m'manja.

Makiyi tsopano ali ndi Madamu Namukolo, ndipo sitoro imakhala yotsegula tsiku lonse. Mabuku atsopano amabwera apo ndi apo, osakwanira, choncho a njovu aja akugwirabe ntchito, akuda bii ndi manja a ana. Pakhomo paja mpando ulipobe, palibe amene amaukhalira, ndipo sukulu yonse imamveka ngati yachepa. Sabata yathayi mwana wina wa Giredi Seveni anafika pa tsamba losowa. Anapukuta manja payunifomu n'kutuluka m'kalasi kulunjika kusitoro. Anakumbukira kuti a Chulu kulibenso atafika kale pakati pa bwalo. Anaima pamenepo padzuwa, buku lili chitsegulire m'manja, ndipo Madamu, amene ankamuona pawindo, sanathe kumuitana.