Makapu Atatu a Mankhwala a Mwayi

Anzanga, nkhaniyi yayamba kale kuyenda ndi miyendo yake muno mu Bangwe, ndiye bola ndikuuzeni ndekha anthu asanaithire mchere. Sekani, palibe vuto, koma dziwani kuti tsiku limenelo ine sindinaseke ngakhale pang'ono.

Amake Mwayi anapita kumaliro kwawo ku Nsanje Lachitatu, ndipo poti ulendo ndi wautali komanso kumeneko kukutentha, anandisiyira mwana. Mwayi ali ndi zaka zitatu, kamtsikana kolongolola, kamakani kosaneneka. Ine ndinati palibe chovuta apa. Munthu woti ndimasoka suti ya ukwati tsiku limodzi ndingalephere kamwana kamodzi? Ndinkapita naye kushopu, iye n'kumaseweretsa tizidutswa ta nsalu, m'mawa buledi ndi tiyi, masana tchipisi cha pachiwaya, madzulo mandasi. Nanga nkhwani akanasadzula ndani? Mwana ankasangalala, ine n'kumadzitama kuti ndine bambo wamakono.

Loweruka ndi pamene ndinazindikira kuti chichokereni amake, mwanayu sanachite chimbudzi. Masiku anayi! Ndinamutengera kuchimbudzi kuseri, atangoona dzenje anakuwa ngati ndikufuna kumuponyamo. Nditagwira pamimba, mayo ine, gwa! Kamimba katatupa, katalimba, ndipo ndikangodina pang'ono akulira.

Ndinathamangira kwa alandilodi athu, a Nachisale, mayi woti ana analera ambiri. Anamugwira mwana pamimba, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Amake anachoka liti?"

"Lachitatu, mayi."

"Nanga inu masiku onsewa mwakhala mukugona pakhomo pompano?"

"Aaa, mayi, funso limenelo likubwera bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Ana amatupa ndi zambiri."

Mwamva? Inu mukudziwa zimene akuluakulu amanena, kuti mwana akatupa amake kulibe ndiye kuti bambo wayenda njira zachabe, wamusempha mwana. Ine wosalakwa, munthu woti ndikachoka kushopu ndimangolunjika kunyumba! Apa mantha anakhala awiri, ena a mwana, ena a dzina langa. Foni ndinaigwira kangapo n'kuibweza m'thumba. Ndikanaimba, nkhani ikanamveka pasiwa ponse, azilamu anga onse ali pomwepo, apongozi ali pomwepo. Ndinati ayi, izi ndithana nazo ndekha mwakachetechete.

Anzanga a kushopu aliyense anali dokotala. Wina akuti kachidutswa ka sopo, wina akuti mafuta a nsatsi, ine zonsezo zikundiopsa. Mapeto ake ndinapita kumsika kwa bambo wina amene amayala mizu ndi makungwa pathumba. Anandimangira kamtolo n'kunena kuti, "Mukawiritse pang'ono chabe. Mwanayo kasupuni kamodzi basi, mwamva?" Ndinavomera ndi mutu, koma maganizo ali kwa a Nachisale.

Lamulungu m'mawa ndinawiritsa. Madzi atasanduka ofiirira ndinati ayi, awa ndi tiyi chabe, mwana wa masiku asanu akufunika zamphamvu. Ndinasonkhezera makala mpaka zinada bii, fungo lake ntchentche zinasamuka m'nyumba. Za kasupuni zija ndinali nditaiwala kalekale. Ndinathira m'kapu yanga ya tiyi, yodzadza, n'kumuitana.

"Mwayi, bwera umwe juwisi."

Ananunkhiza kamodzi, n'kutseka pakamwa kuti mbee, manja onse awiri pamwamba pake.

"Taona adadi akumwa. Mmm, kukoma!"

Ndinagugudiza kapu yonse. Abale, kuwawa kwake! Nkhope inachita kukwinyika yokha, ndipo mwana amene sanaseke chiyambire dzulo lake anaseka mpaka kugwa chagada.

"Imwaninso, adadi!"

Ndinati eya, njira ndi imeneyi, akaseka atsegula pakamwa. Ndinathira yachiwiri, ndinamwa. "Imwaninso!" Yachitatu, ndinamwa. Nditamupatsa zotsalira za pansi pa poto anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ayi, ndi za adadi." Ndinamunyengerera, ndinamulonjeza switi, ndinamuopseza kuti ndiitana galu, koma kamwa lija silinatseguke.

Pofika masana anayambanso kulira atagwira pamimba, ngakhale tiyi anakana. Apa ndinagonja. Ndinati dzina langa liwonongeke, bola mwana wanga akhale moyo. Ndinamunyamula kukakwera minibasi ya ku Limbe kuti tikafike kuchipatala chachikulu.

Anatikhazika mpando wakumbuyo kwenikweni, pakona, mwana pamiyendo, kutsogolo kwathu thumba la makala litatseka njira. Tisanapite patali ndinamva m'mimba mwanga kuti gudugudu. Ndinati mwina ndi msewu. Kenako kunabwera kupotokola koti ndinaluma mlomo, thukuta lozizira likutsika m'msana, m'maso mukuchita chizungulire. Ndipamene mawu a bambo wa mizu uja anandibwerera bwinobwino. Kasupuni kamodzi. Ine makapu atatu!

"Kondakitala, nditsike!"

"Bigi, siteji ndi pamwamba apo, dikirani."

"Ndati nditsike pompano, apo ayi galimoto iyi mukaichapa mpaka mawa!"

Dalaivala anaponda buleki nthawi yomweyo. Mmene ndinalumphira thumba la makala lija ndili ndi mwana m'manja sindikudziwa mpaka lero. Ndinapezeka ndili pansi, pa Namiyango, ndikuyenda timasitepe tating'onoting'ono, mawondo ataphatikizana, chifukwa kuthamanga kukanamaliza nkhani pamsewu pomwepo. Geti loyamba limene ndinaona lotsegula ndinalowa.

Mulungu wanga! Pabwalo panali podzadza amayi, zitenje zofanana, makorona m'manja, ali pakati pa mapemphero a mphakati. Onse anatembenuka.

"Odi, amayi, pepani, chimbudzi!"

 Mayi wina wamkulu, wovala magalasi, anangoloza ndi chala, ine n'kumuponyera Mwayi pamiyendo ngati katundu, ulendo. Chimbudzi chake chinali cha malata, masitepe atatu okha kuchokera pamkeka pamene anakhala, chitseko chopanda loko choti uzigwira ndi dzanja. Zimene zinachitika mmenemo sindingazifotokoze pagulu, koma malata aja sanabise kanthu. Amayi aja, Mulungu awadalitse, anayambitsa nyimbo mokweza kuti andiveke. Nyimbo inatha ine ndisanathe. Anaibwereza. Inathanso. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Tiyambe ina yaitali."

Mukuseka, koma ine mmenemo ndinkaona imfa. M'maso mukuda, mtima ukugunda m'makutu, dzanja limene linagwira chitseko likutha mphamvu. Ndinaganiza kuti ndifera m'chimbudzi cha eni ake, mwana wanga ali m'manja mwa anthu osadziwa ngakhale dzina lake. Kenako linabwera ganizo lina limene linandiziziritsa thupi lonse. Ine chimunthu chonsechi mizu ija yandichita chonchi, nanga Mwayi akanatsegula pakamwa? Kapu yodzadza ija ndinathira ine ndi dzanja langa, ndipo ndinamuopseza ndi galu kuti amwe. Ndikanamupha mwana wanga, ine bambo ake, chifukwa choopa miseche. Ndinalira, anzanga, misozi yeniyeni, nditanyonyomala pomwepo.

Sindikudziwa kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Nditatuluka, ndikuyenda chogwira khoma, Mwayi sanali pamkeka. Mtima unangoti phwii.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Khalani pansi, bambo, musagwe. Ali kuseriku."

Ndinazungulira nyumba. Mayi wa magalasi uja anali atakhala pansi atatambalala, Mwayi atamukhazika pamapazi ake moyang'anana naye, pansi atayala nyuzipepala. Pambali panali kapu ya madzi ofunda, makoko a papaya ndi kabotolo ka mafuta ophikira amene anamusisita nawo pamimba. Anali akumuimbira kanyimbo chapansipansi, ndipo mwana uja, amene anandizunza masiku asanu, anali atamaliza ntchito yonse bwinobwino.

"Mwanayu amaopa dzenje," anatero mayiyo. "Wandiuza yekha kuti amake amamukhazika pamapazi chonchi. Inu simunamufunse?"

 Zaka zitatu m'nyumba imodzi, ine osadziwa!

"Mwakhala mukumudyetsa chiyani?"

Ndinatchula buledi, tchipisi, mandasi. Mayiyo anagwira kukamwa.

"Nanga inuyo mwadya chiyani?"

Ndinaulula zonse, mizu, makala, makapu atatu. Amayi ena anali atabwera kudzaima mozungulira, ndipo apa palibe anaseka. Mayi uja anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Bambo, mwana wodzimbidwa amafuna madzi, zipatso, masamba, therere, ndi munthu womuleza mtima. Zikakanika, kuchipatala. Mizu yoti simukuidziwa dzina simupatsa mwana. Mukathokoze Mulungu kuti anakupatsani mwana wamakani."

Anandisungunulira madzi a mchere ndi shuga, ine n'kumwa mwamanyazi. Ndinkangopempha mumtima kuti nthaka ing'ambike ndilowe, kapena andilole ndizipita mwakachetechete.

Koma Mwayi anali atachira, ndipo akachira pakamwa sipatsekeka. Atamusambitsa anabwera kudzaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno.

"Amayi anga amati ukapanga, anthu akuombere m'manja."

Amayi onse anamuombera, iye akuvinavina. Kenako anatembenuka n'kundiloza ine.

"Adadinso apanga! Apanga zambiri, ndamva! Aombereni!"

 Kenako mayi wa magalasi uja, munthu wolemekezeka, anaika korona pansi n'kuyamba kuomba. Mphakati wonse unatsatira, wina kumbuyo n'kuimba nthungululu. Ine bambo wa ndevu zanga, lamba ali m'manja, ndinachita kuwerama n'kunena kuti zikomo. Nanga ndikanatani?

Ndinalumbira pabwalo pomwepo, pamaso pa mboni zonse zija, kuti mizu ya pathumba sidzalowanso m'nyumba mwanga. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, Mwayi akanunkhiza chinthu n'kutseka pakamwa pake, nanenso ndimatseka panga.