Nkhoswe ya Malaibulale

Ku dipatimenti ya masamu kunali bambo wina amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kompyuta siwonongeka, imangokhala ndi mavuto a m'banja. N'chifukwa chake aliyense ankawatchula kuti Ankhoswe, mpaka dzina lawo lenileni linatsala pachitseko pokha.

Anawalemba ntchito yophunzitsa, koma mtima wawo unali kwina. Mapulogalamu a masamu a kumeneko sankabwera okonzakonza. Munthu ankachita kumanga yekha pakompyuta, ndipo pomangapo pulogalamu imatsamira timapulogalamu tina totchedwa malaibulale. Tsoka lake, ina imafuna laibulale yakale, ina yatsopano, ndipo ziwirizi zikakumana m'kompyuta imodzi, kumanga kumaimira panjira, sikirini n'kudzaza madandaulo. Anthu ena ankagwira mutu. Ankhoswe ankakoka mpando, n'kupukuta magalasi ndi tayi, n'kufunsa modekha kuti wayamba ndani.

Amene anawapirira koposa anali mayi wina wophunzitsa naye, amene iwo ankamutchula kuti Achemwali. Ankakhala ofesi imodzi, madesiki moyang'anizana. Tsiku lina pulogalamu ya kafukufuku wa Achemwali itakana kumangika, mayiwo ananena kuti angofufuta laibulale yakaleyo, nkhani ithe. Ankhoswe anawayang'ana ngati atukwana pamaliro.

"Achemwali, mukufuna kuthamangitsa mayi wamkulu chifukwa kwabwera wamng'ono? Nanga ana ake alera ndani?"

"Ana ati, Ankhoswe?"

"Mapulogalamu onse amene amayamwa kwa iyeyo."

Anapatsa laibulale iliyonse foda yakeyake, n'kulozera pulogalamu khomo loti izigogoda. Mlanduwo unadya masana onse, Achemwali njala ili m'mimba, Ankhoswe akunyengerera sikirini ndi mawu ofewa amene ophunzira awo sanawamvepo m'kalasi. Koma madzulo pulogalamu inamangika.

Tsiku lina pakamwa pa Ankhoswe panawaputira mkango. Mayi woyang'anira laibulale ya mabuku, nyumba yakale ija ya kuseri, anamva mphekesera yoti Ankhoswe akulengeza m'makonde kuti laibulale yakale ndi yansanje, siyanjana ndi aliyense. Anabwera atavala zilimbe. Ankhoswe anawapatsa mpando n'kuyamba kufotokoza kuyambira pachiyambi penipeni, moti dzuwa likupendeka mayiwo ndi amene anapepesa, kuti angomasulidwa.

M'mawa wina Ankhoswe anagwa pamasitepe, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo sanadzukenso. Pamaliro akazi awo, akuseka ndi misozi yomwe, anauza Achemwali kuti munthu ameneyu kunyumba sankatha ngakhale kusintha babu lamagetsi, ndipo akakangana awiriwo ankangothawira kuntchito.

Ofesi inazizira. Achemwali ankapezeka akutembenuka kuti afunse kanthu, n'kukumana ndi mpando. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo sankabisa.

Kenako mkulu woyang'anira makompyuta anabwera kudzanena kuti, monga mwa lamulo, foda ya malemu pakompyuta yaikulu ya dipatimenti iyenera kufufutidwa. Apa m'pamene vuto linaonekera. Malaibulale onse amene Ankhoswe anayanjanitsa ankakhala m'foda yawo, imene anaitchanso kuti ankhoswe. Pulogalamu iliyonse ikamamangidwa, dzinalo linkadutsa pasikirini mzere ndi mzere, ngati munthu wozungulirazungulira pantchito yake. Fodayo ikanapita chonchi, kafukufuku wa Achemwali, ntchito ya zaka zambiri, akanaima. Mkuluyo anawalola kuti asamutse kaye zonse, akatha amuuze.

Anasamutsa okha, pang'onopang'ono, mmene ankaonera mnzawo akuchitira. Poyamba sikirini inadandaula. Anakonza khomo limodzi, inadandaulanso pena. Atakonza lomaliza anayambitsa kumanga, n'kupinda manja.

Mizere inayamba kuthamanga, yoyera, yopanda dzina lija. Achemwali anadzidabwa okha, pakuti mumtima ankapemphera kuti iime, kuti laibulale ina ichite mwano, pakhale chinthu chimodzi chokha chokana kuyenda popanda bambo aja. Koma makina alibe chisoni. Pulogalamu inamangika bwinobwino, mwinanso mofulumira kuposa kale. Anaiyesa ndi masamu awo, mayankho n'kutuluka olondola. Analira pomwepo, chipumi chili padesiki.

Mkulu wa makompyuta anagogoda n'kusuzumira.

"Zatheka, mayi? Tifufute?"

Achemwali anapukuta m'maso, n'kutembenuza sikirini kuti iyang'ane kukhoma.

"Zikukanabe, bambo. Mubwerenso sabata yamawa."