Aganyu Anga a M'kamwa

Mpaka lero amalume a mkazi wanga akandiona ndanyamula botolo, amayamba asuntha mpando. Sindiwadandaula, ali ndi chifukwa.

Nthawi imeneyo ndinali kapitawo pa esiteti ya tiyi, ndipo usinini wanga unkatuluka magazi. Fungo lake ndiye musanene. Othyola tiyi akabwera pa sikelo ankayang'ana kumbali (ine n'kumati ndi ulemu). Amene anandimasula ndi Esinati, mtsikana wa mpingo wa Sabata yemwe ndinkafuna kumukwatira. Anandiuza mosapsatira kuti kwa amalume ake sindipita ndi pakamwa potero, ndipo ananditumiza kwa msuweni wake, namwino wa pa kiliniki.

Namwinoyo anafotokoza kuti m'kamwa mumakhala tizilombo toipa ndi tabwino, ndipo tabwinoto timapezekanso m'chambiko. Anati ndizimwa chambiko, ndichepetse shuga mu tiyi, ndizitsuka mano m'mawa ndi madzulo. Ine ndinatolapo za chambiko zokhazo. Ndinaganiza mwaukapitawo: tizilombo tabwinoto ndi aganyu anga, nanga munthu ungalembe aganyu kenako n'kumawathamangitsa ndi mswachi? Mswachi ndinausomeka kudenga.

Ndinaonanso kuti chambiko cha m'sitolo n'chofooka. Ndinagula mkaka kwa mlimi wina wa ku Bvumbwe, n'kuuthira m'botolo lapulasitiki, n'kuthiramo shuga kuti aganyuwo adye, n'kutseka zolimba. Botololo ndinkalisiya padzuwa m'mizere ya tiyi kuti achulukane. Linafufuma n'kulimba gwa, ine mtima mbee, ndikuti ntchito ikuyenda.

Lamulungu lokaonekera kwa amalume linafika. Ndinabwereka jekete, botolo n'kuliika m'thumba lam'kati kuti ndikamweko pang'ono ndisanalankhule. Panjira ndinaiwala chifukwa cha mantha. Ndinakumbukira nditakhala kale pakhonde, amalume ali patsogolo panga atavala malaya oyera opitira ku tchalitchi, ankhoswe anga akuyamba mawu. Ndinatembenukira kumbali ngati ndikufuna kutsokomola, n'kupotokola chitsekerero.

Phuu! Aganyu onse anatulukira pamodzi. Ena anathera pamalaya a amalume, ena m'ndevu zawo, otsala pa jekete ya eni ake. Galu amene anagona pafupi anadzuka n'kuchoka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika, chifukwa ndinadziwa kuti Esinati ndamutaya.

Amalume anapukuta magalasi awo mosafulumira, n'kufunsa ngati unali mowa. Ndinalumbira kuti ndi mkaka, ndipo ndinafotokoza zonse, za aganyu zomwe. Ankhoswe anga anangozyolika.

"Ndiye mukuti mano simutsuka?" anafunsa amalume.

"Ndimaopa kuwapha, amalume."

Amalume anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamva Esinati akuseka kuseri, kuseka kofika pogwetsa misozi. Potuluka, amalume anali atasintha malaya, m'manja muli mswachi watsopano.

"Bambo, kapitawo wabwino amalimira munda asanalembe aganyu. Mudzabwerenso magazi akasiya. Botolo mudzasiye kwanu."

Ndinatsuka mano ngati ndikulipidwa, shuga n'kuchepetsa, ndipo namwino anandichotsa zokakamira m'mano (anasekanso, nkhani inali itamupeza kale). Nditabwereranso, amalume anandiuza kuti ndisendere pafupi polankhula, ndipo apo ndinadziwa kuti mkazi ndapata.

Chambiko ndimamwabe, cha m'sitolo. Koma tikapita kumudzi, Esinati amandisecha m'matumba tisanafike pakhonde paja.