Yotamu ndi Chitseko cha Chimkota

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo zimene amakuuzani aphunzitsi zoti unachokera kwa makolo akalekale muzisiye kusukulu komweko. Unabadwira m'ndege, mwezi wa Okutobala, ine azakhali anu ndikuona ndi maso angawa. Paja nthawi imeneyo ndinali wolandira anthu m'ndege, wa yunifolomu yosita bwino, osati mmene mukundioneramu ndi ndodo. Iwe Tamanda, ukuseka chiyani? Ndinali chiphadzuwa ine, kafunse.

Ndege yathu inkayenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Inali nkhalamba yeniyeni, moti tonse tinkangoitchula kuti Chimkota. Mipando yake inali itatha, ukakhalapo unkamva chitsulo. Kathebulo kodyerapo ukakatsitsa kankagwera pamaondo. Koma kuuluka kokha inkauluka, sinatigwetsepo ngakhale tsiku limodzi. Vuto lake linali chitseko. Kunja kukatentha kwambiri chinkakakamira, ndipo amene ankadziwa kuchinyengerera anali munthu mmodzi yekha, makaniko wathu a Kalonjere.

Tsiku limenelo munakwera bambo wina wochepa thupi, dzina lake Yotamu Chimbalanga, kalaliki wa kampani ina ku Limbe. Mkazi wake anali atangobereka kumene mwana woyamba, ndiye iye anapita ku Dowa kukatenga apongozi ake, a Nankhoma, kuti akaone mdzukulu. Basi inalipo, koma Yotamu ankafuna kuti Dowa yense amve zoti mkamwini wawakweza mayi ndege. Zonsezi anadzandifotokozera yekha pambuyo pake, musaganize kuti ndikupeka.

Tsono inu ana a lero mumapisa m'mbale imodzi ndi apongozi, ndiye mvetserani bwino apa. Kwawo kwa a Nankhoma mkamwini sankadya apongozi akuona. Sankawayang'ana m'maso, sankawalumpha miyendo. Ndipo zoti apongozi akuone ukulowa m'chimbudzi, kapena akumve uli mmenemo, ha, bola kungosamuka m'dzikomo.

Yotamu anaganiza motere: m'ndege adzatipatsa chakudya, koma ine sindingadye mayi ali pambali panga, ndiye bwino ndidyeretu. Atafika pa Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege, anawakhazika apongozi pamthunzi n'kuzembera kuseri kwa msika. Kumeneko anayamba ndi kanyenya wa mbuzi wothira tsabola wa kambuzi. Anatsatiza zitumbuwa zisanu. Anaona mango oyamba kumene, osapsa bwino, anadya atatu. Kenako ludzu linamugwira, anaima kwa mayi wogulitsa thobwa.

"Achimwene, thobwali ndi la dzana, layamba ukali," mayiyo anamuchenjeza.

"Thirani basi, mayi. Ine lero ndikukwera ndege, za ukali ndi za oyenda pansi."

Anamwa zigubu ziwiri, n'kupukuta pakamwa bwinobwino kuti apongozi asazindikire.

Matikiti ake anali otchipa aja, a kumbuyo kwenikweni, mzere womaliza. Kuseri kwa mipando yawo kunali chimbudzi, chimodzi chokhacho cha ndege yonse, ndipo kachitseko kake kanali kopyapyala ngati katoni. Wotsokomola mmenemo tinkamumva tonse. Yotamu mwaulemu anawaloza apongozi mpando wa pazenera.

"Ayi, bambo," anatero a Nankhoma, maso ali pansi. "Ine zoyang'ana pansi sindingathe. Khalani inuyo uko."

Basitu, Yotamu analowa pazenera, apongozi anakhala chakunjira. A Nankhoma anamanga lamba, anatambasula miyendo, anafunda chitenje kumutu n'kutsinzina. Njira ya Yotamu inatsekeka pomwepo.

Chimkota chinabangula, chinanjenjemera thupi lonse, chinanyamuka. Tisanadutse n'komwe mapiri a Dedza, thobwa lija linakumana ndi mango. Ine ndikufika kumbuyoko ndi tiyi ndi timapaketi ta mtedza, ndinapeza munthu ali thukuta kamukamu, manja agwira mpando wa kutsogolo. M'mimba mwake munkamveka ngati chigayo chikuyamba kulira.

"Bambo, tiyi?"

Anapukusa mutu. Kenako anandikodola n'kunong'ona, "Chemwali, kwatsala nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi makumi awiri ndi zisanu."

"Chonde kawauzeni adalaivala aponde."

Ndinamvetsa vuto lake, ndinamumvera chisoni zedi. Ndinamulozera ndi diso kachitseko kaja. Iye anayang'ana miyendo ya apongozi, anayang'ana kachitsekoko, anandiyang'ana ine ngati ndamuuza kuti adumphe pazenera.

Tsono mwezi wa Okutobala mpweya wa m'mwamba umakhala ndi mabampu. Titayandikira Blantyre, Chimkota chinayamba kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Ena ankakuwa kuti Yesu, ena ankaitana amayi awo. Yotamu yekha anangoluma milomo, chifukwa nkhondo yake inali ina. Potera pa Chileka ndegeyo inadumpha katatu isanakhazikike, ndipo kudumpha kulikonse ndinkamuona munthu akutseka maso. Koma anapirira, mwamuna uja. Ndege itaima anapumira m'mwamba, poganiza kuti wapulumuka.

Anzathu a pansi anakankha makwerero n'kuwagunditsa pakhomo. Ine ndinapita kutsogolo, ndinagwira chitsulo chotsegulira chitseko, ndinakoka. Chete. Ndinakankha. Chete. Anabwera wachiwiri kwa woyendetsa ndege, mnyamata wa dzitho, anawerama n'kukankha mpaka kapu yake inagwa. Anabwera a Kaputeni Mlotha eni ake, anavula jekete, anakankha, anachimenya ndi nsapato, anachitukwana. Chitseko chili gwa.

A Kaputeni anatenga cholankhulira. "Abale ndi alongo, pepani. Chitseko chakakamira. Makaniko wathu ali kumaliro ku Lunzu, tatuma galimoto ikawatenge. Tidikire ola limodzi."

Abale inu! Injini zinali zitazimitsidwa, mpweya wozizira unaleka, dzuwa la pa Chileka likuwomba chitsulo. M'ndege munasanduka uvuni. Ndiye mukanawamva mabwana a kutsogolo, aja amakhala kuseri kwa katani ndi kudya nkhuku.

"Kodi mukudziwa kuti ndine ndani ine?" wina wa tayi yofiira anatero, akudzikupiza ndi nyuzipepala.

"Mawa lomwe ndilemba kalata kwa akuluakulu anu!" anatero wina.

Panali chimunthu china, mapewa ngati chitseko chomwecho. Ndinachipempha kuti, "Achimwene, tatithandizeniko kukankha." Chinangondiyang'ana n'kuti, "Ine ndine pasinjala, mayi. Si ntchito yanga." Abusa ena anayambitsa pemphero, amayi anayi anavomera. Pakamwa pokha aliyense anali katswiri, koma woti adzuke pampando panalibe.

Ndinabwerera kumbuyo. A Nankhoma anali atavundukula chitenje, ataimirira m'njira kuwongola msana. Njira tsopano inali yotseguka, chimbudzi chili pomwepo, masitepe awiri okha. Ndinawerama n'kunong'ona, "Bambo, lowani, palibe angakunenereni."

"Mayi ali pomwepa?" anandiyankha. "Akundiona? Akumva? Chemwali, mukufuna ndikauone bwanji mudzi wa ku Dowa? Mwana wanga adzakula akumva nkhani imeneyi!"

"Ndiye mupirira ola lathunthu?"

"Ola?"

Sanamve bwino chilengezo chija, kalanga ine. Nkhope yake inasintha. Anayang'ana kutsogolo, kutali uko kumene kunali chitseko chachikulu. Anadzuka pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza.

"Amayi," anatero, nkhope atatembenuzira kumbali, "ndiloleni ndikaone zimene zikuchitika kutsogoloku."

"Pitani, bambo," anatero a Nankhoma, akumupatukira.

Anayenda ndege yonseyo maondo ali pamodzi, timasitepe ting'onoting'ono, msana uli njo. Anakankha katani ya mabwana osagogoda. Wa tayi yofiira uja anakuwa, "Iwe! Kuno si kwanu!" Yotamu sanatembenuke n'komwe.

"Bambo, ndinu makaniko?" anafunsa a Kaputeni.

"Ndine kalaliki. Patukani."

"Khalani pansi, bambo. Chitsekochi chatikanika ife anthu atatu, ndiye inu ndi kathupi kanuko…"

"Bwana, ndati pa-tu-ka-ni."

Maso ake anali psu, ndipo a Kaputeni, munthu woti ankatinjenjemeretsa tonse, anapatuka.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Tonsefe tinkawerama n'kukankha chitsekocho kunja ndi mphamvu za m'mimba. Yotamu sakanayerekeza. Kuwerama kunali ngozi, kukankha ndi mimba kunali ngozi yoposa. Ndiye anangoima chilili, analowetsa phewa pansi pa chitsulo chotsegulira chija, anatseka maso, n'kunyanyamphira ndi zala za kumapazi. Chitseko chinakwera m'mwamba pang'ono. Chinalira kuti kwee! Kenako phwaa, chinatseguka chokha. Kani chinsinsi cha a Kalonjere zaka zonsezi chinali chimenecho, kuchinyamula, osati kuchikankha!

Kamphepo kanalowa. Nthungululu zinabuka ndege yonse, abusa anakuwa aleluya, chimunthu chija chinaimba mluzu, ngakhale wa tayi yofiira anawomba m'manja. A Kaputeni anatambasula dzanja kuti amupatse moni ngwaziyo, koma dzanjalo linagwira mphepo. Munthu anali atatsika kale makwerero. Tinamuona akudutsa bwalo lonse la ndege, liwiro la mtondo wadooka koma maondo ali pamodzibe. Mlonda wina anayesa kumuimitsa, koma iye anangomuzungulira n'kulowa m'nyumba yofikiramo apaulendo, mmene munali zimbudzi.

Mukufunsa ngati anafika? Anafika, ana inu! Anafika ndi ulemu wake wonse, thalauza lili loyera ngati mmene analisitira. Ine mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe ngati wapambana ndi mchimwene wanga.

Anthu sanabalalike. Anamudikira pamalo otengera katundu, ndipo patapita nthawi ndithu anatulukira, nkhope ili ngwee, jekete paphewa, akuyenda mwachifatse ngati mkwati. M'manja munawombedwanso. Ena ankamugwira chanza, amayi ena anamuyalira chitenje kuti apondepo. A Kaputeni anamufunsa kumene anaphunzira za zitseko za ndege. Yotamu anayang'ana kumene kunaima apongozi, anangoti, "Ndi chisomo chabe, bwana," n'kupita kukasaka chikwama chawo.

A Kaputeni sanakhutire. Anapita kwa a Nankhoma n'kuvula kapu.

"Mayi, mwana wanuyu nzeru ndi mphamvu zotere anazitenga kuti? Chitseko chimene chija chatigonjetsa tonse."

"Si mwana wanga, ndi mkamwini wanga," anatero a Nankhoma, akumanga bwino mpango wawo. "Ndipo ndikumunyadira. Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wa mwambo."

Anasuzumira kaye kuti aone ngati Yotamu ali patali, kenako anatsitsa mawu.

"Inu mukuganiza kuti ndinagona ine? Munthu ungagone bwanji pambali pa bingu? Ndinamva zonse kuyambira tikunyamuka, ndinangofunda chitenje kuti asachite manyazi. Iye wandisungira ulemu kuchokera ku Lilongwe mpaka kuno, dontho osagwetsa."

A Kaputeni anagwira pakamwa. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndinamva zonse, ndipo pakamwa pa azakhali anu mukupadziwa. Pofika Loweruka mawu otsatirawo anali akunenedwa mu Limbe monse, m'maminibasi ndi m'misika momwe.

"Mphamvu munali nazo nonsenu, bwana, kuposa iye," anatero a Nankhoma. "Koma inu munalibe chokuthamangitsani, n'chifukwa chake munkadikira wa ku Lunzu. Musadabwe ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."