Batire Lolemera

Lolemba

Batire la njinga yamoto latha. Ndadina sitata m'mawa, yangoti tche, tche, kenako zii. Huta nayo ikulira ngati mbuzi ya chimfine. Kiki inathyoka kalekale, anaiwotcherera kawiri, kachitatu ndinangoitaya kuseri kwa nkhokwe. Ndiye pano njinga ikulira pokhapokha amake Tadala, mkazi wanga, atandikankha mpaka potsetsereka pa mjigo paja.

Zimenezo sizikanandivuta. Vuto ndi uthenga umene wabwera masana. Apongozi, mayi awo a amake Tadala, akupita ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo ku Nambuma Loweruka. Akuti safuna kukwera akabaza, amathamanga ngati aba nkhuku. Akuti, "Akandinyamule bambo a Tadala."

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndili pamudzi pano pa chikamwini. Nyumba yawo ili apo, yanga ili apa, pakati pali khola la mbuzi ndi mtengo wa mango. Sitinayang'anizanepo maso. Tikakumana panjira iwo amapatukira uku n'kugwada, ine uku n'kunyonyomala, moni timapatsana aliyense atayang'ana tchire lake. Mawu ena onse amadzera mwa mwana wawo. Sanandipemphepo kanthu, ngakhale machesi. Lero andipempha. Ndasangalala kwambiri, komanso ndili ndi mantha.

Njinga ikakakana kulira ku Nambuma, pamaso pa anthu onse a chinkhoswe, akakankha ndani? Apongozi?

Ntchito ya sabata ino:
- kugula batire labwino, osati zinyalala ndakhala ndikugulazi
- kutsuka njinga
- kumeta
- kusaonetsa kuti ndili ndi mantha

Lachiwiri

Ndapita nalo batire lakufalo kwa a Kamwendo, makaniko wa pa Kabudula. Aliyang'ana, alinunkhiza, aligunditsa waya. Palibe n'kamoto komwe. Akuti batire losamalidwa bwino limaona dzinja kawiri kapena katatu. Langa silinakwanitse n'chaka chomwe. Andifunsa kuti ndimalitani. Ndati palibe.

Zimene ndakumbukira pobwerera:
- mafoni a nyumba zinayi amatchajidwa pa njinga yanga, injini ili chozima
- dzinja lonse inangokhala m'chigafa cha fodya kuopa matope, osailiza n'kamodzi komwe
- madzi atachepa m'batiremo ndinathiramo a pa mjigo, ndimati ife tikumwa omwewo ndipo tili moyo
- moni ndimapereka ndi huta, ndipo anthu kuno ndi ambiri

A Kamwendo akuti ndilembe manambala ali pa batire lakalelo ndikagule la manambala omwewo, ladirai, losafuna kuthira madzi. Akuti lotchipitsitsa ndilisiye, ndidzabweranso fodya asanaume. Lodulitsitsa nalonso akuti si la njinga ngati yanga. Ndawathokoza ndi ulemu wonse. Manambalawo sindinalembe. Ine manambala a pa katundu ndinasiya kuwakhulupirira chaka chimene amake Tadala ananyamula thumba la feteleza lolembedwa 50 ndi dzanja limodzi.

Batire lakale ndalisiya komweko. Akuti ogula zitsulo akubwera mawa.

Lachitatu

Ndaima pa siteji ya akabaza kufunsa nzeru. Ndalakwa. Anthu asanu, mayankho asanu ndi anayi. Wina akuti ndigule lakuda. Wina akuti lakuda ayi, lofiira. Wina akuti ndiyang'ane katoni yokhala ndi chithunzi cha mkango. Wina akuti mabatire onse amabadwira nyumba imodzi, amangosiyana zovala.

Koma panali wamkulu wina, njinga yake yakale kuposa zonse pamenepo koma yolira kamodzi n'kamodzi. Ameneyo wanena mawu amene andilowa mumtima. "Achimwene, batire ndi mtovu. Linyamuleni. Likalemera muli kanthu. Likapepuka, mwagula katoni."

Basi, zimenezi ndiye ndikuzimva. Mtedza timaudziwa ndi kulemera. Fodya, kulemera. Nkhumba, kulemera. Ndipo sikelo ndili nayo yangayanga, yokoloweka ija ndinagula kuti mavenda asamandibere. Sinandinamizepo.

Amake Tadala akuti, "Nanga manambala ananena a Kamwendo aja?" Ndawauza kuti sikelo nayonso ili ndi manambala.

Chakumadzulo ndaona apongozi akuyanika chitenje chawo chatsopano cha ku chinkhoswe pa mpanda. Chobiriwira, chamaluwa achikasu. Ndatembenuka msanga.

Lachinayi

Ku Nsaru, sikelo ili m'chikwama.

Shopu yoyamba mwini wake wakana. Akuti katundu wake si mbatata. Ndatuluka osakwiya, munthu wokana sikelo amakhala akudziwa chimene akukanira.

Shopu yachiwiri ndi ya mayi wina wamagalasi. Wandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo nthawi yaitali. "Bambo, kodi mukugula nyemba?" Koma walola. Ndakoloweka sikelo pa msomali wa pachitseko, batire ndikuliika m'jumbo, n'kukweza. Limodzi limodzi, asanu ndi limodzi. Anthu ayamba kusonkhana pakhonde. Wina wabwera ndi tambala wake kuti ndimuyezere, ndamuyezera. Ndipo choonadi chaoneka poyera. Mabatire awiri ofanana msinkhu, ofanana katoni, lina lapepuka ndithu. Mayi uja walichotsa pa shelefu mwakachetechete. Ndamva kukoma.

Ndikanaimira pamenepo. Ndikanatenga lolemera mwa asanu ndi limodziwo n'kumapita kwathu.

Koma maso anga agwera pansi pa shelefu, pakona. Panali lina, lakuda bii, lalikulu ngati njerwa ziwiri zogundizana. Ndaliika m'jumbo, jumbo yang'ambika. Ndaliika m'thumba la saka, muvi wa sikelo wathamanga mpaka anthu pakhonde ati, "Eee!" Mayi uja akuti limenelo ndi la njinga zamatayala atatu zonyamula katundu zija. Akuti magetsi ake ndi ofanana ndi a enawo, koma thupi ndilo lalikulu. Wandifunsa kuti njinga yanga ndi yotani. Ndati ndi yamphamvu.

Ndagula. Ndalama ya mtedza yathera pomwepo, koma mtima uli m'malo. Apongozi sangakwere njinga ya batire lopepuka.

Pobwerera andikankha anthu oonerera sikelo aja, wa tambala ali patsogolo. Nditafika kunyumba ndalilemba dzina langa ndi msomali, ngati mmene timachitira ndi ndowa za pa mjigo.

Lachisanu

Silikulowa.

Kabokosi ka batire ka m'mbali mwa njinga n'kakang'ono. Ndayesa choimika, ndayesa chogoneka, ndayesa chopendeketsa. Ndalinyengerera ndi mawu. Ayi ndithu.

A Kamwendo ataliona akhala pansi pa tayala kuti aseke bwino. Aseka mpaka misozi. Akuti ndikabweze. Ndawaonetsa dzina la msomali lija. Asekanso. Ndawafunsa za manambala a batire lakale, akuti lili pa lole, mwina lafika kale ku Lilongwe.

Koma ndi munthu wabwino. Atatha kuseka atenga mawaya awiri aatali, aika zopanira kumapeto ngati za motchajira mabatire, batire alimanga ndi malegeni pa mpando wakumbuyo popeza kaliyala inathyoka ndi matumba a mtedza. Akuti ndidine.

Ndadina. Njinga yabangula isanamalize n'kudinidwa komwe. Huta yathawitsa galu amene amagona pa galaja yawo. Nyali ikuoneka masana. Njira yonse yobwerera ndapereka moni kwa aliyense, ngakhale amene sitiyankhulana.

Amake Tadala atuluka, azungulira njinga kamodzi, manja ali m'chiuno. "Zabwino. Ndiye amayi akhala pati?"

Sindinaliganizire funso limeneli.

Tayesa kulimanga pa thanki, chiwongolero chikugunda. Tayesa kumsana kwanga m'chikwama, mawaya akundikola m'khwapa. Pomaliza amake Tadala akuti amayi angolinyamula pamiyendo, ndi ladirai, silitaya asidi pa chitenje. Akuti awafotokozera okha zonse. Tili mkati mokambirana, lole yonyamula azimayi okaphika ku chinkhoswe yaimba huta kumsewu. Atola mapoto ndi zikombe, athamanga. Akagona konko.

Ndikukhulupirira kuti anadzera kwa amayi awo asanakwere. Ndikukhulupirira.

Ndameta. Njinga ndatsuka.

Loweruka

Dzuwa lisanatenthe apongozi afika pa mtengo wa mango, chitenje chobiriwira chija, duku lofanana nacho. Akhala pa njinga cham'mbali, nkhope ayang'anitsa kukhola. Wodutsitsa mawu palibe. Ana ali kubusa.

Tsono batire umawapatsa bwanji apongozi? Ndi dzanja limodzi ayi. Uli chiimire ayi. Ndalikulunga m'nsalu yoyera ya patebulo kuti lisawadetsere chitenje, mawaya okha ndi amene akutuluka pansi. Ndagwada, maso pansi, ndapereka ndi manja awiri. Mawu ndinakonza usiku aja athawa onse.

Iwo alilandira. Atsegula nsalu pang'ono, asuzumira. Kenako aomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, n'kuuza mtengo wa mango kuti, "Zikomo kwambiri. Ambuye awonjezere pamene mwachotsapo." Ndati m'mtima, mayi awa ndi aulemu, kuthokoza chotere chifukwa cha ulendo chabe.

Ulendo wayenda bwino kwambiri. Ndayendetsa ngati ndanyamula mazira, mabampu ndikuwazungulira, fumbi la malole ndikulidikira lidutse. Chinthu china chinkandisowetsa tulo chatha chokha: ndinkada nkhawa kuti adzagwira pati, poti ine sangandigwire. Agwira batire, manja onse awiri, njira yonse.

Ku Nambuma ndadya, ndavina pang'ono, ndasuzumira njinga kasanu. Nthawi yobwerera yakwana, anthu atiperekeza mpaka pamsewu, ankhoswe, azimayi, abale a amake Tadala onse amene amandiona ngati munthu wongodya. Apongozi akwera, alandira katundu wawo. Ndapemphera kamodzi, ndadina kamodzi.

Yalira! Mayi wina waimba nthungululu. Malume awo a amake Tadala ndawamva ndi makutu anga akuti, "Mkamwini uyu ndi wolongosoka." Ndikanatha kufa pomwepo wosadandaula.

Tafika kunyumba dzuwa lili pamwamba pa mitengo. Ndazimitsa injini. Apongozi atsika, amasula zopanira zija ngati munthu wozolowera, chakuda kaye kenako chofiira. Akonza nkhata, asenza batire pamutu, nsalu ya patebulo ndi yomwe, ulendo wa kunyumba kwawo. Alowa. Atseka chitseko.

Ine ndatsala pa njinga, mawaya awiri akulendewera, kukamwa kuli yasa. Mawu ndikanawadzeretsa mwa ndani?

Lamulungu

Wailesi ikulira kwa apongozi kuyambira mbandakucha. Makwaya okhaokha. Ndiyamphamvu, ikumveka mpaka kudimba.

Amake Tadala anafika ndi lole usiku. M'mawa uno apita kwa amayi awo, abwerako ndi tambala m'khwapa, akulephera kuyenda ndi phwete. Avomera kuti Lachisanu sanadzereko, lole inkawasiya. Akuti batire la kasola ka padenga la amayi linafa mvula isanathe, ndipo sanauze munthu, ankangogona kukada. Ndiye dzulo ku chinkhoswe amayi auza mzimayi aliyense amene anakhala naye pafupi kuti mkamwini wawo anaona yekha kuti ali mumdima. Kuti anapita ku Nsaru ndi sikelo kukawasankhira lolemera kuposa onse. Kuti analikulunga m'nsalu, n'kugwada. Kuti mpaka anaganiza zolitchaja panjira kuti lifike lodzaza. Akuti pofotokoza m'mawa uno misozi inalengeza. Dzina la msomali lija analiona, akuti likhale pomwepo, azikumbukira amene anawapatsa.

Amake Tadala atasiya kuseka andifunsa, "Ndikawauze?"

Ndakhala pakhonde, ndikumvera makwaya. Ndalama ya mtedza. Huta ija. Nyali yooneka masana. Ndati ayi, musawauze. Batire lapita, ndipo sindikumva kuwawa ngati mmene ndimayembekezera.

Ife timapemphera ku Kabudula, ndiye nthawi itakwana ndatulutsa njinga, mawaya ndawapinda n'kuwabisa pansi pa mpando. Amake Tadala amanga chitenje, ayamba kukankha. Tikudutsa pakhomo pa apongozi, iwo atulukira atavala yunifolomu ya Mvano, buku la nyimbo lili m'manja. Sanapatuke. Afunsa mwana wawo kuti, "Kodi njingayi yatani? Si dzulo lomweli imalira bwinobwino?"

"Yatopa, amayi. Ulendo unali wautali."

Aika buku la nyimbo pa mpanda. Ndamva njinga ikupepuka kumbuyo, liwiro likuwonjezeka. Sindinacheuke. Sabata yonse ndakhala ndikuthawa chinthu chimenechi, ndipo chandipeza pakhomo panga, tsiku la Mulungu, anthu akupita kutchalitchi.

Yalira tisanafike n'pa mjigo pomwe. Ndayang'ana pa galasi. Apongozi aima pakati pa njira, akupuma wefuwefu, duku lapendekeka, akundiyang'ana ine osati tchire. Akweza dzanja. Ndadina huta kuti ndiwayankhe, yangoti fyee. Ndakweza langa.